Kamba sangathawe moto wolusa

Pamene ansembe a chipani cha Montfort ankafika ku Nzama m'boma la Ntcheu m'chaka cha 1901 kudzatsegula mishoni yoyamba yokhazikika ya Katolika m'dziko muno, pa chilumba cha St Helena, pakati pa nyanja yamchere ya Atlantic, padali kamba wina yemwe adali kale ndi zaka pafupifupi 70. Ansembe aja adamwalira kalekale. Ana oyamba omwe adawaphunzitsa kuwerenga nawo adatsikira kulichete, ndipo lero zidzukulu za zidzukulu zawo ndizo zikulima chimanga ndi mbatatesi m'mapiri a kumeneko. Koma mu Disembala 2022, anthu a ku St Helena adachita phwando lokondwerera kuti kamba yemwe uja, dzina lake Jonathan, wakwanitsa zaka 190.

Akatswiri amati Jonathan adaswedwa cha m'ma 1832. Amawerengera chonchi kaamba koti pomwe ankafika pachilumbapo mu 1882, kuchokera ku zilumba za Seychelles, adali atakula kale mpaka pamapeto, msinkhu womwe kamba wa mtunduwu amaufika ali ndi zaka zosachepera 50. Ngati zili choncho, ndiye kuti Angoni a Zwangendaba ankawoloka Zambezi mu 1835 iye ali kamwana ka zaka zitatu. Pomwe mfumu ya Azulu, Dinuzulu, inkasungidwa ngati mkaidi pa chilumba chomwecho kuyambira 1890 mpaka 1897, Jonathan adali kale pomwepo. Gomani Woyamba ankaphedwa ndi atsamunda mu 1896, John Chilembwe ankaukira mu 1915, Malawi ankalandira ufulu mu 1964, iye akungodya msipu.

Nyama ya moyo wautali chonchi ingaoneke ngati yosagonjetseka. Zoona zake n'zakuti ndi nyama zochepa zomwe zimatha mosavuta ngati kamba. Mbiri ya akamba akuluakulu a pazilumba ikuchitira umboni zimenezi, ndipo ili ndi phunziro kwa mabanja a ku Nzama, Lizulu, Tsangano ndi madera ena komwe chilimwe chikangolowa mapiri amayaka usiku wonse. Kamba wamng'ono wa m'thengo la kuno ali pangozi yofanana ndi yomwe idamaliza abale ake aakulu, ndipo yemwe angamupulumutse ndi mwini dera.

Kwawo kwenikweni kwa akamba akuluakuluwa lero ndi ku Aldabra, zilumba zinayi zozungulira thamanda lalikulu la madzi amchere m'nyanja ya Indian Ocean. Aldabra ndi gawo la Seychelles, dziko lomwe lili limodzi ndi Malawi m'bungwe la SADC, koma ili pamtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera ku likulu la dzikolo, Victoria. Ili pafupi ndi gombe la Tanzania ndi Mozambique kusiyana ndi likulu lake lomwe. Mtunda wake ndi wokwana masikweya kilomita 155, kutanthauza kuti chilumba cha Likoma chingalowemo maulendo 8. Kulibe mtsinje ngakhale umodzi, pansi ndi miyala yakuthwa yong'amba nsapato, ndipo kulibe mudzi kupatula nyumba zochepa za ogwira ntchito yofufuza ndi kulondera. Koma pamalo ouma chonchi pali akamba pafupifupi 100,000, gulu lalikulu kuposa lina lililonse la akamba otere padziko lapansi.

Wamphongo wokhwima amatha kulemera makilogalamu 250, kufanana ndi matumba asanu a chimanga, ndipo chigoba chake chimatalika kupitirira mita imodzi. Amadya udzu, masamba ndi zipatso zakugwa. Nthawi yake yodya ndi m'mawa ndi madzulo. Dzuwa likakwera amafuna mthunzi kapena matope, chifukwa thupi lake silitha kudziziziritsa lokha, ndipo kamba wosowa mthunzi masana amafa ndi kutentha. Mvula ikagwa n'kusiya timadzi m'maenje a miyala, amatha kumwa kudzera m'mphuno. Amapirira miyezi osadya, osamwa. Amayandamanso pamadzi. Mu Disembala 2004 kamba wa ku Aldabra adatulukira pagombe la Kimbiji, kumwera kwa Dar es Salaam ku Tanzania, atayandama panyanja mtunda woposa makilomita 700, ali wowonda koma wamoyo. Akatswiri amakhulupirira kuti umu ndi momwe makolo a akambawa adafikira pazilumba poyambirira.

Kufooka kwa kamba kuli pa kuberekana. Nkhuku imayamba kuikira chaka chisanathe, mbuzi imabereka chaka ndi chaka, mbewa zimaswana kangapo m'nyengo imodzi. Kamba wa ku Aldabra amatenga zaka 20 kapena kuposera apo asanayambe kuikira mazira. Wamkazi amakumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo, kuikiramo mazira ozungulira, aakulu ngati ndimu, kukwirira n'kumapita. Safungatira. Dzuwa ndilo limagwira ntchitoyo kwa miyezi ingapo, ndipo kutentha kwa nthaka ndiko kumasankha ngati anawo adzakhale aamuna kapena aakazi: kukatentha kwambiri kumaswedwa aakazi ambiri. Mazira ambiri saswa n'komwe. Ana oswedwawo amakwana m'dzanja la munthu, chigoba chili chofewa, ndipo ambiri amathera m'kamwa mwa nkhanu, mbalame, makoswe ndi amphaka.

Choncho chuma chonse cha mtundu wa kamba chili mwa akuluakulu. Wamkazi mmodzi amayenera kuikira mazira kwa zaka makumimakumi kuti mwa ana ake onse papezeke ochepa okula n'kudzalowa m'malo mwake. Kupha kamba wamkulu mmodzi kuli ngati kukazinga chimanga cha mbewu mvula ili pafupi. Ndipo chigoba chomwe chimamuteteza kwa zilombo zolusa sichithandiza kanthu pamaso pa munthu, yemwe amangowerama n'kumunyamula.

Kale akamba akuluakulu adali pazilumba zambiri za Indian Ocean, monga Madagascar, Mauritius, Réunion, Rodrigues ndi Seychelles. Mfalansa wina, François Leguat, yemwe adakhala pa Rodrigues kuyambira 1691 mpaka 1693, adalemba kuti akamba ankapezeka m'magulu a 2,000 kapena 3,000, moti munthu ankatha kuyenda mapazi oposa 100 akuponda pamisana pawo osagunda pansi. Aliyense woona zimenezo akadamuseka munthu wonena kuti tsiku lina adzatha.

Koma adatha. Masiku amenewo kudalibe mafiriji, ndipo amalinyero a zombo za ku Ulaya zopita ku India adapeza kuti kamba ndi ndiwo yosawola. Ankawatola ngati maungu m'munda, kuwagoneka chagada m'zipinda za pansi pa chombo, n'kumapha mmodzimmodzi kwa miyezi popanda kuwapatsa chakudya kapena madzi. Mafuta awo ankaphikira ndiponso kupatsa odwala. M'zaka za m'ma 1700, akamba oposa 200,000 adachotsedwa pa Rodrigues pokha. Kumtunda nako nkhumba, amphaka ndi makoswe obwera ndi zombo ankafukula mazira ndi kudya ana, ndipo moto wolambulira minda udapsereza otsala. Pofika cha m'ma 1800 pa Rodrigues padalibe kamba ndi mmodzi yemwe. Mitundu yonse isanu ya ku Mauritius, Réunion ndi Rodrigues idafafanizika, ndipo chotsala lero ndi mafupa ndi zigoba m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Palibe mmodzi mwa amalinyero aja yemwe adakonza zothetsa mtunduwo. Aliyense ankangotola wake, poganiza kuti alipo ambiri.

Aldabra idapulumuka poyamba kaamba ka kuipa kwa malo ake: kutali, kopanda madzi akumwa, kovuta kukocheza chombo. Komabe nako anthu adafikako, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 akamba adali atachepa moti ofunafuna ankavutika kuwapeza. Mu 1874 akatswiri a sayansi ku Britain, mmodzi mwa iwo Charles Darwin, adalembera kalata bwanamkubwa wa Mauritius, yemwe ankayang'aniranso zilumbazo, kupempha kuti akambawa atetezedwe. Ngozi ina idadza m'zaka za m'ma 1960 pomwe boma la Britain lidakonza zomanga bwalo la ndege zankhondo pa Aldabra. Asayansi, motsogozedwa ndi bungwe la Royal Society, adakana kwamtuwagalu, ndipo ganizolo lidathetsedwa mu 1967 chuma cha Britain chitavutanso. Mu 1979 boma la Seychelles lidakhazikitsa bungwe la Seychelles Islands Foundation kuti lizisamala zilumbazi, ndipo mu 1982 UNESCO idaika Aldabra pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, mndandanda womwe paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear idalowamo mu 1984. Mbuzi zomwe zidalowerera n'kumalimbirana msipu ndi akamba zidachotsedwa zonse pofika 2012.

Chofunika kuona apa n'chakuti akamba a ku Aldabra sadachuluke kaamba ka mankhwala, makola kapena makina okwera mtengo. Anthu adangoleka kuwatola, adaleka kuwononga malo awo, n'kudikira. Kudikirako kudatenga zaka pafupifupi 100. Izi sizikutanthauza kuti nkhondo idatha. Zilumbazi n'zotsika, mamita ochepa chabe pamwamba pa nyanja, ndipo madzi a m'nyanja akukwera kaamba ka kusintha kwa nyengo. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza kuti miyezi ya chilala kumeneko yachuluka poyerekeza ndi zaka za m'ma 1970. Mu 2019 achinyamata odzipereka adatola matani 25 a zinyalala zapulasitiki zobwera ndi mafunde, kuphatikizapo mapatapata zikwizikwi. Bungwe la IUCN, lomwe limalemba kaundula wa zamoyo zomwe zili pangozi, lidaika kambayu m'gulu la nyama zomwe zingathe anthu atalekerera.

Kulekerera kumeneku kudaonekera ku Zanzibar. Mu 1919 bwanamkubwa wa Seychelles adapereka mphatso ya akamba anayi omwe adakaikidwa pa kachilumba ka Changuu. Adaswana mpaka kufika pafupifupi 200 m'zaka za m'ma 1950. Kenaka anthu adayamba kuwaba, ena kudya, ena kugulitsa kunja kwa oweta nyama zachilendo. Pofika 1996 adatsala 7 okha. Boma lidachita kumanga mpanda ndi kuika alonda kuti ayambenso kuchuluka. Ku zilumba za Galápagos, m'nyanja ya Pacific, zinthu zidafika poipa kuposa apa. Kamba wotchedwa Lonesome George, womaliza wa mtundu wa pachilumba cha Pinta, adasamalidwa ndi akatswiri kwa zaka 40 uku akumufunira mkazi, koma adafa pa 24 Juni 2012 wosasiya mwana. Ndalama ndi nzeru zidalipo, chidasowa ndi nthawi. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Wina angafunse kuti kamba ali ndi phindu lanji loti anthu azimuvutikira chonchi. Yankho lidapezeka ku Mauritius. Akamba a kumeneko atatha, mitengo ina ya zipatso zikuluzikulu idasowa wonyamula njere zake, ndipo zipatso zinkangowolera patsinde. Mu 2000 bungwe la Mauritian Wildlife Foundation lidabweretsa akamba a mtundu wa ku Aldabra pa kachilumba ka Ile aux Aigrettes, komwe kuli mtengo wosowa wa pachibale ndi mchenje. Akamba adayamba kudya zipatsozo n'kumataya njere kutali pamodzi ndi ndowe, ndipo patapita zaka zochepa timitengo tidamera m'malo momwe mudalibe. Ofufuza adapezanso kuti njere zodutsa m'mimba mwa kamba zimamera bwino kuposa zongogwa pansi. Kamba amadzala nkhalango popanda womulipira.

Ku Nzama kulibe nyanja, kulibenso kamba wolemera matumba asanu. Koma kamba alipo, yemwe ena amamutcha fulu. Kusiyapo nkhasi za m'madzi, akamba a pamtunda m'Malawi ali m'magulu awiri. Wina ndi wamawangamawanga ngati kambuku, wopezeka kwambiri m'malo otentha monga m'chigwa cha Shire, ndipo amatenga zaka 12 mpaka 15 asanayambe kuikira. Wina ndi wamng'ono, wokhala m'nkhalango za mombo ndi misuku. Chigoba chake chili ndi polumikizira chakumbuyo ngati chitseko, moti akaopsezedwa amatseka n'kubisa miyendo ndi mchira. Ameneyu ndiye amakumana ndi ana okazula bowa m'mapiri mvula zoyamba zikagwa. Amadya bowa, nkhono, abongololo, tizilombo ndi zipatso zakugwa, ndipo amaikira mazira ochepa kwambiri, kawirikawiri osapitirira 6. Chilimwe chonse amabisala m'mauna, pansi pa zipika ndi m'masamba ouma, kudikira mvula. Masamu a moyo wake ndi omwe aja a ku Aldabra: kukula mochedwa, ana ochepa, ndi kudalira akuluakulu okhalitsa.

Chomwe chasintha ndi malo ake. Kalembera wa 1998 adapeza anthu osafika 400,000 m'boma la Ntcheu, pomwe wa 2018 adapeza oposa 650,000. Anthu onsewa akufuna munda, nkhuni ndi pomanga, ndipo palibe angawadzudzule. Koma zotsatira zake n'zakuti tchire lomwe kale linkalumikizana kuchokera phiri ili kukafika phiri ilo laduka zidutswazidutswa. Chatsala ndi kankhalango ka kumanda, zitsamba za m'mbali mwa mtsinje, miyala ya pamwamba pa phiri ndi nkhalango za boma monga Mvai ndi Dzonzi. Kwa mbalame, kuchoka pachidutswa china kupita pa china ndi nkhani ya mphindi. Kwa kamba, minda yopanda mthunzi ndi msewu wa galimoto zili ngati nyanja. Kamba wa ku Nzama wasanduka wa pachilumba, ndipo akatha pa kachilumba kamodzi palibe wina wochokera kwina wodzalowa m'malo.

Pachilumba choterocho mdani woyamba ndi moto. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, osaka mbewa, alenje, owotcha makala ndi ososa m'minda amayatsa moto womwe palibe amauzimitsa. Gwape amathawa, kalulu amathawa, nkhwali imauluka. Kamba yemwe wabisala m'masamba amachita chomwe chilengedwe chidamuphunzitsa, amalowetsa mutu m'chigoba n'kudikira kuti ngozi idutse. Nzeru imeneyi imagwira kwa galu, koma kwa moto ndi imfa. Opulumuka amatsala ndi zipsera pa lupsa lopanda pobisala, lopanda chakudya, mvula idakali kutali.

Mdani wachiwiri ndi dzanja. Akuluakulu adati kamba amanyera yemwe wamtola, ndipo mwambiwu uli ndi sayansi mkati mwake. Kamba amasunga madzi m'chikhodzodzo kuti amuthandize m'miyezi yopanda mvula. Akanyamulidwa amachita mantha n'kutaya madzi aja, ndipo m'chilimwe sangawapezenso msanga. Mwana yemwe wamunyamula kuti akaonetse anzake, kenaka n'kumutaya kuseri kwa nyumba, amaganiza kuti sadalakwe kanthu, chonsecho wamuswera mtsuko. Ena amaboola chigoba n'kumangapo chingwe poganiza kuti chili ngati chikhadabo. Ayi ndithu. Chigoba ndi fupa lamoyo, nthiti ndi msana zolumikizana, ndipo chili ndi mitsempha ya magazi ndi yomvera ululu. Palinso omwe amagulitsa akamba kwa ofuna zigoba za mankhwala kapena kwa oweta m'mipanda ya m'tauni. Kamba wochotsedwa kwawo, ngakhale atakhala zaka 30 pa kapinga wa bwana, kwa mtundu wake ali ngati wakufa, chifukwa sadzaswanso m'thengo.

Zoti anthu akumudzi ali ndi zifukwa zawo n'zosakanika. Mbewa ndi ndiwo, ndipo kwa mnyamata wozigulitsa m'mbali mwa msewu wa M1 ndi ndalama ya sopo ndi makope. Woweta ng'ombe amafuna msipu wanthete womera pa lupsa. Mayi wokatola nkhuni amaopa njoka m'udzu wautali. Munthu wogona ndi njala sangamvetsere za Darwin. Koma phindu la moto wa mu Okutobala ndi la sabata imodzi, pomwe kuluza kwake n'kwa zaka. Moto womwewo umapsereza udzu wofolerera nyumba ndi timitengo tomwe tikadadzakhala nkhuni, nsichi ndi mapaso, ndipo umasiya nthaka ili mbee kuti mvula yoyamba iikokolole. Anthu a ku Ntcheu ndi Balaka sadaiwale chaka cha 2018 pomwe damu la Mpira lidaphwa, mipopi n'kuuma, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe zidatchulidwa chidali kutha kwa mitengo m'nkhalango ya Mvai. Phiri lolephera kusunga kamba limalepheranso kusunga kasupe. Woteteza pogona pa kamba akutetezanso madzi a banja lake.

Malamulo alipo. Akamba onse a pamtunda ali pa mndandanda wa pangano la CITES, lomwe Malawi adalowamo mu 1982, kotero kutumiza kamba kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo la National Parks and Wildlife Act lidaunikidwanso mu 2017 n'kukhwimitsa zilango, mpaka zaka 30 kundende kwa opha kapena kugulitsa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto mwachisawawa m'nkhalango za boma, ndipo limapereka mphamvu kwa mafumu ndi makomiti a zachilengedwe m'midzi kuti azisamala nkhalango zawo. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silizimitsa moto paphiri usiku, ndipo wapolisi sangalondere chitsamba chilichonse. Ku Aldabra nyanja ndiyo mpanda. Ku Nzama njira zili ponseponse, choncho mpanda uyenera kukhala anthu eni ake.

Ntchitoyi iyambe ndi mafumu. Nyakwawa ikalamula kuti woyatsa moto wolusa alipe nkhuku kapena mbuzi, mudzi umamva msanga kuposa momwe ungamvere chikwangwani cha boma. Mwambo wa Umhlangano womwe Angoni a Maseko amachita ku Nkolimbo pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V umafika nyengo ya moto itangoyamba kumene, ndipo mawu olankhulidwa pabwalo limenelo amabwerera ndi mafumu kumidzi yawo. Komwe kutentha sikungapeweke, alangizi a zankhalango amalimbikitsa kutentha koyambirira, mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, m'mawa kapena madzulo, atalambula malire. Moto woterewu umayenda pang'onopang'ono, sukwera m'mitengo, ndipo umasiya zigamba zosapsa momwe tinyama tingapulumukiremo. Osaka mbewa nawo ali ndi khasu ndi misampha, njira zomwe makolo ankagwiritsa ntchito popanda kuyatsa phiri lonse.

Aphunzitsi ali ndi gawo lawo. Makalabu a zachilengedwe omwe bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limathandiza m'sukulu angathe kutsegula kope lolembamo tsiku ndi malo omwe ana aona kamba, popanda kumugwira. Kope loterolo silifuna ndalama za mabungwe akunja, koma pakatha zaka zisanu lidzauza mudzi ngati akamba akuchuluka kapena akutha, ndiponso tchire lomwe liyenera kusungidwa. Ansembe, abusa ndi mashehe, omwe amalankhula ndi mabanja sabata iliyonse, asaone nkhani ya moto ngati ya alangizi okha. Nthambi yoona za nyama zakuthengo nayo ikumbukire kuti chilengedwe sichithera pa njovu za ku Liwonde. Nyama zing'onozing'ono zokhala kunja kwa mapaki zikufunanso mawu pawailesi ndi pamisonkhano ya m'midzi.

Kwa makolo, malangizo opereka kwa ana ndi osavuta. Kamba akapezeka m'thengo asiyidwe pomwepo. Akapezeka pamsewu awolotsedwe kulowera komwe amapita, pomunyamula chapansipansi ndi manja awiri, osamutembenuza. Akapezeka m'munda aikidwe pachitsamba chapafupi, chifukwa kamba amadziwa dera lake ndipo akatayidwa kutali amasochera. Wovulala kapena wosungidwa kale pakhomo, ndi bwino kudziwitsa a nthambi ya nyama zakuthengo kapena a Lilongwe Wildlife Trust m'malo momutaya pathengo lililonse. Ndipo wapaulendo yemwe wapatsidwa mtengo wa kamba akane, ngakhale atamumvera chisoni chotani, chifukwa wogula mmodzi lero amatuma ana khumi kuthengo mawa.

M'nthano za madzulo, nyama zitakumba chitsime m'chaka cha chilala, Kalulu yemwe adakana kukumba nawo ankaba madzi n'kupusitsa alonda onse amphamvu, mpaka adagwidwa ndi Kamba, wonyozeka uja. Agogo a ku Nzama adzapitiriza kufotokoza nthano imeneyi. Chomwe chili m'manja mwa m'badwo uno n'chakuti mdzukulu womvetserayo adzakhale womudziwa Kamba ndi maso, kapena adzafunse kuti kodi chimenecho n'chinyama chotani. Anthu a ku Rodrigues adafika kale pamenepo. Mu 2007 adatsegula malo osungirako zachilengedwe otchedwa dzina la Leguat yemwe uja, ndipo adachita kubweretsa akamba a mtundu wa ku Aldabra kuti ana awo aoneko chomwe makolo awo adali nacho. Akamba awo enieni sadzabweranso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Nzama akamba akadalipo, ndipo chomwe akufuna n'chochepa: machesi akhale m'thumba, ndipo womupeza kamba panjira amusiye apite.